Mphira ya pa Mwendo wa Agogo Jossias

Kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, Aida sankakukonda, koma njira ya kuchimbudzi inali yomweyo, ndipo chimbudzi sichikanidwa. Ankadutsako atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, chimene kuno amati kapulana, mwana ali kumsana, maso ali pansi, mapazi akufulumira okha ngati a munthu woponda phulusa lamoto.

Kumeneko kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pa mtengowo pankakhala agogo Jossias. Ankakhala pa thumba lakale la feteleza, m'manja atagwira bango lomangirira timapepala ta pulasitiki kunsonga. Patsogolo pawo pankayalidwa mphasa zitatu za ufa woyera umene mayi Rosa, apongozi a Aida, ankagulitsa ku msika wa Mandimba. Nkhuku ikayandikira, agogowo ankagwedeza bango lija n'kunena kuti, "Shaa! Shaa!" Ntchito yawo inali yomweyo, kuyambira ufa ukamayanikidwa mpaka ukamaanulidwa. Mwendo wawo wamanzere unali womangidwa ku mtengo ndi mphira ya chubu cha njinga, ija a kabaza amamangira katundu. Mphirayo inali yolumikizalumikiza, yotalika mongokwanira kufika m'chigafa chakale cha fodya momwe ankagona. Kuchimbudzi sinkafika.

Aida anabwera pakhomopo ali ndi pakati, kuchokera kwawo ku Cuamba, atakwatiwa ndi Amílcar, mwana wa mayi Rosa, amene ankapalasa kabaza pakati pa tawuni ndi malire. Sukulu anafika nayo kalasi ya khumi, imene kuno amati desima, ndipo apongozi ake akafuna kumulasa ankamutcha Dona Desima. Anali munthu wa mtima wa mbalame. Chitseko chikamenyeka ankadzidzimuka. Mwana wake Mwayi, wa miyezi isanu, akayetsemula kamodzi, iye n'kukhala atayamba kale kuganiza za kuchipatala. Koma maso ake sankagona. Ankadziwa nkhuku imene yasiya kuikira, ankadziwa tsiku limene mwamuna wake wadyera kwina, ndipo mlungu woyamba womwe anaona kuti mbale za chakudya zimatuluka zitatu pomwe anthu pakhomo ndi anayi.

"Amayi, nanga agogo aja amadya nthawi yanji?" anafunsa tsiku lina.

"Agogo ake ati?" anatero mayi Rosa osacheuka n'komwe. "Pano palibe agogo. Tinawasudzula."

Nkhani yake Aida anaitola pang'onopang'ono, pamjigo ndi pamtondo. Agogo Jossias kwawo kunali ku Itepela. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo kumeneko anakwatira mkazi wamasiye, wothawanso nkhondo, amene anali ndi kamwana kamodzi, Rosa. Anakalera. Pobwerera nkhondo itatha, anakhala chikamwini pamalo a mkazi wawo ku Mandimba, n'kumanga nyumba, n'kubzala mango omwewa. Zaka ziwiri zapitazo mkaziyo anamwalira. Maliro atatha, anthu atameta, achibale a malemu anachita mwambo wake: anawapatsa nkhuku, khasu ndi mphasa, n'kuwauza kuti ukwati watha, ndinu mfulu, bwererani kwanu. Anawakweza shapa, kaminibasi kopita ku Ngauma, dera la kwawo.

Patapita masiku atatu anabwerera, nkhuku ija ili kukhwapa. Pamene panali mudzi wawo anakapeza munda wa fodya wa munthu wina, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo. Kuyambira pamenepo mutu unayamba kuwasokonekera. Ankadzuka n'kumayenda, kufunafuna mkazi wawo. Tsiku lina anakawapeza pafupi ndi malire akufunsa alonda njira ya ku chigayo. Mphira inabwera choncho.

"Munthu wosudzulidwa sadya za pa mafuwa a malemu," mayi Rosa ankatero. "Ukam'patsa, ndiye kuti waubwezeretsa ukwati, ndipo amayi anga kumandako sagona." Ndiye chimene agogo ankalandira chinali makoko a mumphika, oikidwa pa chivundikiro chadzimbiri, ndi mango ogwa okha.

Aida anafunsapo amayi ake pafoni ngati mwambo umenewu ulikodi. Amayi ake anaseka kuseka kosakoma. "Kusudzula kulipo, mwanawe. Koma zoti munthu asadye, mwambo umenewo uli m'mimba mwa apongozi akowo basi. Iwe khala phee. Uli pachitengwa, uli ndi khanda."

Anafunsanso Amílcar. Iye anali kupopa njinga. "Za amayi musalowererepo, amake Mwayi. Kodi mukufuna akagundidwe ndi galimoto? Mphira ija ikuwasunga."

Ndipo Aida anakhala phee, monga anauzidwira. Chokhacho chimene ankachita, apongozi akachoka, ankatapa phala la mwana m'kapu n'kuthamanga nalo kuseri, kuliika pansi, n'kubwerera msangamsanga. Nkhope ya agogo ankaiyang'ana pang'ono. Kumwendo sankayang'anako. Ankadziwa kuti akayang'ana aona kanthu.

Unali mwezi wa Novembala, mango akupsa ndi kuwolera pansi, ntchentche zobiriwira zili ng'ung'ung'u pabwalo ponse. Lachiwiri limenelo linali tsiku la sikelo ya Mwayi. Mayi Rosa anayanika ufa m'mamawa n'kupita kuchigayo ndi mphale ina. Amílcar anali atapita kale kumalire. Aida anasambitsa mwana, n'kumubereka, n'kuika khadi la sikelo m'chikwama. Kenako anatapa phala.

Fungo linam'chingamira asanakhote pangodya ya nyumba. Silinali fungo la masiku onse lija la mkodzo ndi mango owola. Ili linali lotsekemera moipa, ngati la khoswe wofera kudenga.

Agogo anali akusinza, bango litagwa. Thadzi lofiira, limene ankayenera kulipirikitsa, linali litaima pa phazi pawo likujompha. Linkajompha pa akakolo, pomwe panadutsa mphira, n'kumeza, n'kujomphanso. Aida anayandikira. Phazi linali lotupa ngati dzungu, lonyezimira. Mphira inali italowa m'mnofu moti sinkaonekanso, ndipo m'ngalande imene inakumba munali tinthu toyera tikunyukanyuka. Mphutsi. Thadzi lija litakhuta linatsika, n'kuyenda mwaulemu wake kukwera pa mphasa, n'kupukutira mlomo mu ufa, uku ndi uku, monga zimachitira nkhuku.

Ufa umenewo ndi umene Aida anaphikira phala limene linali m'manja mwake.

Anasanza pomwepo, ataweramira patsinde la mango, mwana akulira kumsana. Anasanza mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha. Atadzuka anapita kukhitchini, ndipo anabwerako ndi mpeni, madzi otentha ndi mchere.

Atagwada kuti adule ndi pamene anaona mfundo. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti womanga ndi apongozi ake. Koma akazi samanga choncho. Mphira inazungulira kawiri, n'kupisidwa pansi, n'kusiyidwa kamchira kopindika kumapeto. Mamangidwe amenewa ankawadziwa. Ndi momwe Amílcar anamangira sutikesi yake pa kaliyala tsiku limene anadzam'chingamira pa shapa ya ku Cuamba, iye ataima pambali akunyadira kuti wakwatiwa ndi mwamuna wa manja odziwa ntchito. Manja omwewo dzulo lake anali kuseweretsa Mwayi, kumuponya m'mwamba ndi kumuwakha.

Analowetsa mpeni.

"Musadule, mayi," anatero agogo Jossias atatsegula maso. Mawu awo anali aulemu, ngati a munthu wopempha malo m'basi. "Andikalipira. Nanga ufa alonda ndani?"

"Khalani chete, agogo. Chonde musakuwe."

Sanakuwe. Mphira inamatuka pamodzi ndi khungu, ikulira ngati nsalu yonyowa ikamang'ambika, ndipo iwo anangoluma mlomo. Aida anathira madzi amchere, mphutsi zikugwera pa thumba, nkhuku zikuthamangirana kudzatola. Anang'amba thewera la mwana n'kukulunga bala. Kenako anabwerera m'mbuyo kudikira kuti aone ngati agogo adzuke n'kuthawa, poti ndi chimene aliyense ankaopa.

Agogo anayesa kusuntha mwendo, koma sunasunthe. Anatola bango lawo. "Shaa," anatero.

Ndiye kuti miyezi yonseyi mphira inali kumanga munthu woti sakanatha ndi kuimirira komwe.

Kumsewu kunamveka mawu a azimayi akuseka, ndipo mantha onse a Aida anabwerera nthawi imodzi. Chidutswa chimene anadula chinali m'manja mwake, chonyowa, chomata. Akachitaya pabwalo, apongozi achiona. Akachiponya m'chimbudzi, ndiye kuti adutse poonekera. Anachikulunga m'pulasitiki n'kuchiponya m'chikwama, pamwamba pa khadi la sikelo. Mbali yotsala ku mtengo anaibisa pansi pa thumba kuti izioneka ngati ikadali yomanga. Anasamba m'manja katatu n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala, akudziuza kuti achitaya panjira.

Panjira sanachitaye. Paliponse pamene ankafuna kutsegula chikwama pankatulukira munthu. Apa wogulitsa makala, apo mnzake wa Amílcar akuliza belu n'kukuwa kuti, "Alamu, ndikukwezeni!" Anafika nacho.

Ku sikelo kunali mzere wautali pansi pa denga la malata, dzuwa likuwotcha ngati lalipidwa. Aida anakhala pa benchi, chikwama chili pamiyendo. Sipanapite nthawi, mayi amene anakhala kumanja kwake anasuntha. Wa kumanzere anayamba kununkhiza m'mwamba.

"Abale, wina wabwera ndi nsomba ya dzana muno."

"Nsomba yake iti? Uyu ndi mwana wosasambitsidwa."

"Atsikana a masiku ano! Nsidze kupenta, thewera osachapa."

"Achemwali, tam'yang'anani mwanayo kumbuyo, mwina wakupatsani mphatso."

Anaseka onse. Aida anamva kutentha kukwera m'khosi mpaka m'makutu. Iye amene ankawiritsa madzi a mwana kawiri! Anafuna kudzuka azipita, koma dzina la Mwayi linaitanidwa.

Namwino wa sikelo anali mayi Milagre, wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, wodziwika Mandimba yense kuti pakamwa pake sipadutsa ntchentche. Anam'kweza Mwayi pa sikelo, n'kumutembenuza, n'kumununkhiza m'khosi ndi m'makutu.

"Mwanayu ndi woyera ngati dzira. Ndiye chikununkha n'chiyani? Khadi."

Aida anatsegula chikwama pang'ono kuti asolole khadi, ndipo fungo linatuluka ngati munthu. Namwino anabwerera m'mbuyo, kenako anayang'ana Aida pamwamba pa magalasi. Anauza mnzake kuti apitirize mzere, n'kumukokera Aida m'kachipinda ka mabandeji, n'kutseka chitseko.

"Tulutsani."

Aida anaika pulasitiki patebulo. Namwino anavala magolovesi n'kuifunyulula. Anaiyang'anitsitsa.

"N'chiyani ichi?"

"Ndi ya mbuzi, amayi. Mbuzi yathu inadzikola."

"Mbuzi." Namwino anatembenuza mphira ija ndi kachitsulo. "Mbuzi yanu ilibe ubweya? Ine ndagwira ntchito ino zaka makumi awiri, mwanawe. Khungu la munthu ndimalidziwa. Ndani? Mwana?"

"Iyayi."

"Wamkulu?"

Aida anagwedeza mutu movomera. Ndipo poti pakamwa panali patatseguka kale, zonse zinatuluka, mosalongosoka, mutu kumapazi: nkhuku, ufa, kusudzula, chivundikiro chadzimbiri, phazi ngati dzungu. Za mfundo zokha sananene.

Namwino anavula magolovesi n'kuwaponya m'ndowa. "Miyezi ingati mukuona zimenezi?"

"Isanu ndi itatu."

"Isanu ndi itatu. Ndipo sikelo mumabwera mwezi uliwonse, kudzakhala pa benchi yomweyi, osanena."

"Sindinkadziwa kuti ndinganene kwa yani. Si agogo anga. Ine ndine mtengwa chabe."

"Ndani anakuuzani kuti wonena akhale wachibale? Mverani, mukauzenso anzanu a pamjigo. Munthu wokalamba akamamenyedwa, akamamangidwa, akamamanidwa chakudya, mumabwera kuno kuchipatala n'kuuza aliyense wovala zoyera. Mukaopa kuno, kuli a Asau Sosiyali ku maofesi a boma, ntchito yawo ndi yomweyi. Kupolisi nakonso kuli chipinda choona za nkhanza za m'banja. Lamulo loteteza okalamba lilipo. Kukalamba si mlandu woti munthu am'mangire ku mtengo." Anatenga foni. "Nyumba yake ili pati?"

Aida anam'fungatira Mwayi mwamphamvu mpaka mwana anadandaula. "Dzina langa lisatuluke, amayi."

"Ife sititchula dzina la munthu. Koma sindikunamizani. Pakhomo panupo, ndani wina amene ali ndi mpeni ndipo lero wabwera kuchipatala? Adziwa." Namwino anafewetsa mawu pang'ono. "Phazi mukunenalo, likakhala masiku ena atatu, tidzadula mwendo. Likakhala mlungu, mudzaphika chakudya cha maliro, ndipo tsiku limenelo mbale zidzatuluka zambiri."

M'maganizo mwake Aida anaona chipinda chake, bedi limene anagula ndi Amílcar, ukonde wa udzudzu wa Mwayi. Anaona amayi ake ku Cuamba akumulandira ndi sutikesi, anansi akusuzumira. Kenako anaona thadzi lija likupukutira mlomo mu ufa.

"Mukadutsa mjigo wachiwiri, mukhotere kumanzere," anatero. "Nyumba ya chitseko chobiriwira. Musagogode kumaso. Muzungulire kuseri."

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Njinga ya Amílcar inali itatsamira pakhonde. Mayi Rosa anali kupeta, ndipo sanayankhe moni. Palibe amene anafunsa kuti mwana wakwera bwanji pa sikelo. Aida ananamizira kupita kuchimbudzi.

Thewera lija linali litachotsedwa n'kuponyedwa padzala. Bala linali poyera, ntchentche zitabwerera. Ndipo mwendo wakumanja, wabwinowo, unali womangidwa ndi mphira yatsopano, yakuda bii, yozungulira kawiri, yopisidwa pansi, ya kamchira kopindika.

Nthawi ino sanasanze. Anangoima, akumva ngati thupi lake lonse lapakidwa chinthu chimene sopo sangachotse.

Galimoto inafika cha m'ma 2 koloko. Munatuluka mayi Milagre, wapolisi wamkazi, ndi bambo wina wowonda wa kabuku m'manja amene anati dzina lake ndi Abílio, wa ku Asau Sosiyali. Sanagogode. Anazungulira kuseri, ndipo mayi Rosa anawathamangira ndi mipando iwiri, akumwetulira mano onse.

"Takulandirani, takulandirani! Kodi ndi za katemera? Dona Desima, madzi alendo!"

Palibe anakhala. Namwino anagwada pa agogo. Anansi anayamba kudzaza kumpanda, ena ndi ana m'manja, ena ndi zipande.

"Bambo awa ndi ndani wanu, mayi?" anafunsa a Abílio.

"Si kanthu kanga. Anali amuna a malemu amayi anga. Tinawasudzula bwinobwino, nkhuku tinapereka, mboni zilipo. Anabwerera okha. Mwambo wathu inu a boma simungaudziwe."

"Ndimaudziwa, mayi. Malume anga anawasudzula ku Lúrio chaka chatha. Eni mudzi anawaperekeza mpaka pakhomo pa mlongo wawo, n'kudikira kuti adye kaye. Kusudzula n'kumasula munthu. Nanga uyu mwam'masula pati?"

"Amathawa! Tikanatani? Ife tikungowasunga mwachifundo, sagwira ntchito iliyonse, amangokhala."

"Shaa!" anatero agogo Jossias, akugwedeza bango pa nkhuku imene inayandikira mphasa. "Shaa! Shaa!"

Kumpanda wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Anandibereka pamsana powoloka malire, akutero anthu," anapitiriza mayi Rosa, mawu akukwera. "Ndiye ndiwabereke ine mpaka liti? Ali ndi mbumba yawo, ikawatenge! Ine bambo anga ondibala anafa kalekale."

Namwino sanali kumvera. Anali kulimbana ndi mphira yatsopano ija, akuikoka uku, iyo ikumangika. "Mpeni," anatero. "Wina andipatse mpeni."

"Musadule, ndi yatsopano," anatero Amílcar.

Mawuwo anangotuluka okha, monga amatulukira kumalire kasitomala akafuna kudula mphira ya katundu wake. Anali ataima pangodya nthawi yonseyi, manja m'thumba. Anawerama, n'kugwira kamchira kaja ndi zala ziwiri, n'kukoka kamodzi. Mfundo yonse inagwa pansi ngati njoka yakufa. Anayamba kuikulunga pa dzanja, mwachizolowezi, kenako anazindikira kuti bwalo lonse lili zii.

"Mwaimasula msanga bwanji, bambo," anatero wapolisi uja. "Dzina lanu ndani?"

Amílcar anayang'ana mkazi wake. Aida sanagwetse maso. Kanali koyamba chibwerereni pakhomopo.

Powanyamula agogo kupita nawo kugalimoto, thumba limene ankakhalira linaonekera, lonyowa, lodzaza ndi zimene munthu womangidwa amasiya pansi pake. Nkhuku zinalithamangira, kenako zinabalalikira pa mphasa, poti panalibenso wozipirikitsa. Mayi Mariamo, mnansi wa kuseri amene mpanda wake unali moyang'anizana ndi mtengo wa mango, anakuwa atagwira pamimba.

"Mayo ine! Ndiye nkhuku zimenezi zimachoka pamenepo n'kupita mu ufa? Ufa umene ndimagula ine? Rosa, watidyetsa zotani?" Analavula. Ena nawonso anayamba kulavula, kutukwana, kuwerengera miyezi imene akhala akudya ufawo.

Aida anawayang'ana mmodzimmodzi. Zaka ziwiri munthu ali pa mphira iwo akuona pamwamba pa mpanda, akupereka moni, "Mwadzuka bwanji agogo," n'kumapita. Lero ndi pamene anyansidwa, chifukwa cha ufa. Anafuna kuwalavulira onse. Kenako anakumbukira miyezi yake isanu ndi itatu, ndi kapu ya phala imene ankaiika pansi n'kuthawa, ndipo malovuwo anawameza.

A Abílio anasiya pepala loti mayi Rosa ndi Amílcar akaonekere kupolisi m'mawa mwake. Namwino anati bala lalowa kwambiri, agogo awatumiza ku chipatala chachikulu ku Cuamba. Galimoto isanakhote n'komwe pa mjigo, sutikesi ya Aida inali itaponyedwa kale pabwalo, zovala zili mbwee.

"Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, eti?" anatero mayi Rosa mwaukali. "Kadule kwanu. Nawenso takusudzula. Nkhuku sitikupatsa."

Amílcar anali atakhala pakhonde, mutu uli m'manja. Anadzuka pang'onopang'ono. "Ndikuperekezeni pa shapa, amake Mwayi. Ndimange sutikesi pa njinga."

"Musaikhudze," anatero Aida.

Anaisenza pamutu, mwana kumsana, n'kuyenda wapansi mpaka pokwerera.

Ku Cuamba amayi ake anam'landira ndi mawu ambiri. Anam'kumbutsa kuti anauzidwa kukhala phee, kuti ukwati sautola panjira, kuti mwana adzafunsa bambo ake. Aida anawafotokozera za thadzi lija. M'mawa mwake amayi akewo ndi amene anadzuka kuphika phala la mtedza n'kuliika m'kabakuli.

Mwendo sanadule. Madokotala anachotsa mnofu wowola, n'kunena kuti kuyenda kwenikweni mwina sadzayendanso, koma phazi likhala. A Abílio anaimba foni kawiri. Anati nkhani ya mayi Rosa ndi Amílcar ikadali m'manja mwa apolisi, ndipo iwo akufunsafunsa ku Ngauma ngati kuli wina wa mbumba ya agogo, poti kunamveka za mdzukulu wina wosoka zovala. Akapanda kupezeka, anati, aona kwina kowasungira, koma ku mtengo uja sabwererako.

Pa mlungu wachitatu Amílcar anabwera pa shapa. Anam'peza Aida pa chipata cha chipatala, kabakuli m'manja. Anali atawonda. Ananena kuti apolisi anawalankhula mawu olemera, kuti amayi ufa sakugulitsanso poti palibe akugula, kuti nyumba yazizira. Anati iye sankafuna, ankangomvera amayi. Kenako anatula pansi kathumba.

"Amayi akuti zapita zapita. Atumiza ufa wa phala la mwana."

Kathumbako kanali komangidwa pakamwa ndi mphira. Kawiri, kupisa pansi, kamchira.

Aida anakayang'ana nthawi yaitali. Mwayi anatambasula manja kwa bambo ake, akuseka, ndipo Aida anam'tembenuzira kumbali ina.

"Agogo ali m'chipinda chachiwiri, bedi la pawindo," anatero. "Simunafunse."

Amílcar anayang'ana chitseko cha chipatala ngati pali galu. Sanasunthe. Aida anam'dikira mpaka anaona kuti wadikira mokwanira, kenako analambalala kathumba kaja n'kulowa yekha.

Agogo Jossias anali atakhala tsonga, atametedwa, atavala malaya oyera a chipatala. Masaya anali atayamba kubwerera. Dzanja lawo lamanja linkagwedezeka lokha pamwamba pa bulangeti, uku ndi uku, ngati likadagwira bango. Aida anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutsegula kabakuli, n'kuuzira phala pa supuni.

"Mwabwera, mayi," anatero agogo mwaulemu. Dzina lake sankalidziwa, ndipo mwina sadzalidziwa. Anameza supuni yoyamba, yachiwiri. Kenako nkhope inachita mantha, maso akufunafuna pansi. "Nanga ine ndili kuno, ufa akulonda ndani?"

"Palibe, agogo," anatero Aida, akutapa supuni ina. "Nkhuku zidye. Yasamulani."